Mvula ya m'setilaiti tiisunge m'fayilo yotani?

Ntchito imene ndimagwira kuno ku Joni ndi yowerengera mvula ndi kuona mmene mbewu zilili m'minda. Ndimakhala pa kompyuta ku Braamfontein n'kumatsegula mafayilo ochokera ku masetilaiti, kuwakonza, kuwadula kuti patsale dera lokhalo limene likufunika, kenako kuwapereka kwa alangizi a zaulimi ndi anthu oyang'anira madzi. Masamu a ntchitoyi sandisowetsa tulo. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi funso limene ambiri amaliona ngati laling'ono: deta imeneyi tiisunge m'fayilo ya mtundu wanji, ndipo amene adzaitsegule mtsogolo, ife kulibe, adzamva zimene manambalawo akunena?

Ambiri amene amandipempha deta ali kumudzi. Kumeneko bandulo ya intaneti ndi yodula, magetsi amapita nthawi iliyonse, ndipo munthu sangangodzuka n'kukafunsa katswiri pa ofesi yoyandikana nayo. Fayilo ikafika m'manja mwake, imeneyo ndiyo mphunzitsi wake yekhayo.

Mwana wa mlongo wanga akumaliza maphunziro ku Zomba, ndipo kafukufuku wake ndi wa mvula ya m'chigwa cha nyanja ya Chilwa. Nyanjayi inaphwa mu 1995, inaphwanso kwambiri mu 2018, choncho nkhani ya mvula kumeneko ndi nkhani ya matemba, ya mpunga ndi ya moyo wa mabanja ambiri. Tsiku lina anandiimbira foni mawu ali olefuka.

"Amalume, kodi mvula ingagwe yochepera ziro? Ndikawonkhetsa ya Januwale ikundipatsa nambala ya mayinasi."

"Fayiloyo waitenga kuti, iwe?"

"Anandipatsa munthu wina amene anachitapo kafukufuku ngati womwewu. Panopa foni yawo sikupezeka."

Atanditumizira ndinapeza tebulo la Excel la mizati itatu. Mzati woyamba unali wa madeti olembedwa 03/04, osadziwika ngati ndi pa 3 Epulo kapena pa 4 Malichi. Wachiwiri unali ndi mutu wa chilembo chimodzi. Wachitatu unali wa manambala, ndipo apo ndi apo munali -9999. Nambala imeneyi opanga deta ya mvula ambiri, kuphatikizapo a CHIRPS, amaiika pamalo pamene palibe chimene chinayezedwa. M'fayilo yoyambirira munali mzere wonena zimenezi, ndipo pulogalamu iliyonse yodziwa ntchito yake ikanangodumpha malo otero. Koma amene anasamutsira manambalawo mu Excel anatenga manambala okha, malongosoledwe n'kuwasiya m'mbuyo. Mtsikanayu anataya nthawi yaitali akudzikayikira kuti mwina masamu ndi amene akumuvuta, chonsecho vuto silinali iye.

Aliyense amene anatumizapo katundu kumudzi kuchokera kuno amadziwa lamulo lake. Chikwama chikamakwera basi pa Park Station kapena galimoto ya ma transporter, dzina la wolandira, nambala ya foni ndi komwe chikatsikire timalemba pa chikwama penipenipo ndi cholembera chosafufutika. Kapepala kapadera kamatayika ngakhale asanafike pa Beitbridge. Fayilo ya sayansi iyenera kukhala chimodzimodzi: kufotokoza kwake kukhale m'kati mwake, kuyende nayo kulikonse kumene ikupita.

Anthu anzeru analiona kale vutoli. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, a Unidata ku Boulder m'chigawo cha Colorado anayamba kupanga mtundu wa fayilo wotchedwa NetCDF, ndipo a NCSA ku University of Illinois anapanga wina wotchedwa HDF. Onsewa ankafuna fayilo yodzifotokoza yokha, imene ingatsegulidwe pa kompyuta ya mtundu wina uliwonse manambala osasokonekera. NASA inasankha HDF kuti izisungiramo deta ya masetilaiti ake oyang'ana dziko lapansi, n'chifukwa chake mpaka lero deta ya MODIS, chipangizo chimene chili pa setilaiti ya Terra yoponyedwa mu 1999 ndi ya Aqua ya mu 2002, imabwera mu HDF4. Mu 1998 kunatuluka HDF5, imene inamangidwa mwatsopano ndipo siwerengedwa ndi zida za HDF4. Mu 2008 a Unidata anatulutsa NetCDF-4 imene pansi pake ndi HDF5 yemweyo. Ndiye mitundu iwiriyi masiku ano ndi pachibale. Kusiyana kwake n'koti HDF5 imalola munthu kusanja zinthu m'kati mmene angafunire, pamene NetCDF imamuumiriza kunena kuti deta yake yayala bwanji: nthawi, latitude, longitude, chilichonse ndi dzina lake ndi kutalika kwake.

Ufulu wa HDF5 uli ndi mtengo wake. Bungwe lililonse limasanja mwa njira yake, ndipo wotsegula amayenera kuphunzira nyumba iliyonse payokha. Deta ya mvula ya IMERG, yochokera ku ntchito ya GPM imene NASA ndi JAXA ya ku Japan anaiyamba ndi setilaiti ya mu 2014, imabwera mu HDF5 ndipo imasanjidwa longitude poyamba, latitude pambuyo. Munthu wozolowera kusanja kwina akangoijambula osafunsa, mapu amatuluka atagona chammbali. Zonsezi zinalembedwa m'fayilomo, koma zimafuna munthu woyamba wawerenga asanathamangire kujambula.

Apa ndi pamene ndimakondera NetCDF, makamaka ikatsatira malamulo a CF, amene anthu ofufuza za nyengo anagwirizana ndipo anatuluka koyamba mu 2003. NetCDF payokha imangopereka malo olembapo malongosoledwe. CF ndi imene imanena zoti zilembedwe ndi kalembedwe kake, kuti pulogalamu ya ku Hamburg, ya ku New York ndi ya pa laputopu ya mwana wa sukulu ku Zomba zonse zimve chinthu chimodzi. Pa chilichonse choyezedwa pamakhala units, kunena kuti ndi mamilimita kapena mamita. Pamakhala standard_name yotengedwa pa mndandanda umodzi umene onse anavomereza. Pamakhala _FillValue yonena nambala yoimira malo opanda kanthu, ija inasowa m'tebulo la mwana wa mlongo wanga. Pamakhalanso scale_factor ndi add_offset, ndipo ziwirizi ndikufuna ndichedwepo chifukwa zapunthwitsa anthu ambiri amene ndimawadziwa.

Pofuna kuti mafayilo asaleme, opanga deta amasunga manambala opanda madesimo, kenako n'kunena nambala yochulukitsira kuti mupeze muyezo weniweni. Tengani MOD13Q1, deta ya MODIS yoonetsa kubiriwira kwa zomera pa mamita 250, imene imatuluka masiku 16 aliwonse. Mukatsegula munda wa chimanga wa ku Kasungu mu Febuluwale mukhoza kupeza 6500. Muyezo wa kubiriwiraku, wotchedwa NDVI, supitirira 1. Nambalayo muichulukitse ndi 0.0001, mupeze 0.65, kutanthauza munda wobiriwira bwino. Mukapeza -3000, pamenepo palibe deta. Deta ya masetilaiti a Landsat, m'kakonzedwe kake kotchedwa Collection 2, ili ndi zake: kutentha kwa nthaka mumachulukitsa ndi 0.00341802 n'kuwonjezera 149, ndipo chimene chatulukacho chili mu Kelvin. Nambala ya 44000 imasanduka pafupifupi 299.4 Kelvin, amene ndi madigiri 26 a Celsius. Munthu amene walandira 44000 yekha, popanda mawu ena, alibe pogwira.

Chitsanzo chimene chimandiwawa kwambiri ndi cha Sentinel-2, setilaiti ya ku Ulaya imene imaona nthaka pa mamita 10 ndipo ndi yothandiza zedi pa minda ing'onoing'ono ngati yathu. Kuyambira mu Januwale 2022, a ESA, bungwe la ku Ulaya loyendetsa setilaitiyi, anasintha kakonzedwe n'kuyamba kuwonjezera 1000 pa manambala osungidwa. Analengeza, ndipo analemba m'mafayilo a malongosoledwe amene amabwera limodzi ndi zithunzi m'chikwatu cha SAFE. Koma anthu ambiri amangotola zithunzi za JPEG2000 m'chikwatumo, zotsalazo n'kuzitaya poti zimaoneka ngati zinyalala. Zikatero, nambala ya 1500 imene kale inkatanthauza 0.15, pa deta yatsopano ikutanthauza 0.05, ndipo iwo sakudziwa. Akayerekeza munda wa 2021 ndi wa 2023 amapeza kusintha kumene sikunachitike m'munda. Mwezi womwewo wa Januwale 2022 ndi umene namondwe wa Ana anawononga ku Chikwawa ndi pa Kapichira, ndiye taganizani munthu akuyerekeza zithunzi za chigwa cha Shire namondweyo asanadutse ndi atadutsa, osadziwa kuti sikelo inasintha pakati. Lipoti lotero likhoza kusocheretsa anthu ogawa thandizo. Malongosoledwe akakhala m'fayilo ina, manambala m'fayilo ina, kulekana kwake n'kosavuta.

Pa mvula palinso msampha wa units. IMERG imapereka mamilimita pa ola, koma fayilo iliyonse ndi ya theka la ola. Mukaona 10, mvula imene inagwa m'theka la olalo ndi mamilimita 5. ERA5 ya bungwe la zanyengo la ku Ulaya la ECMWF, imene si ya setilaiti yokha koma imaphatikiza miyezo yambiri ndi masamu a zanyengo, imapereka mvula m'mamita, choncho 0.02 ndi mamilimita 20, mvula yoti mlimi akhoza kudzalira. CHIRPS ya ku University of California, Santa Barbara, imene imayambira mu 1981 ndipo imasakaniza zoona setilaiti ndi miyezo ya pansi, imapereka mamilimita pa tsiku. TAMSAT ya ku University of Reading inapangidwira Africa mwapadera pogwiritsa ntchito masetilaiti a Meteosat, imayambira mu 1983 ndipo imabwera mu NetCDF. Zinayi zonsezi zikunena za mvula imodzi yomwe inagwa pa Phalombe, koma chilichonse m'kalankhulidwe kake.

Nthawi nayo imafuna kusamala. CF imati nthawi ilembedwe ngati kuchuluka kwa masiku kapena maola kuchokera pa deti lodziwika, mwachitsanzo "days since 1981-01-01", ndipo pulogalamu imasandutsa yokha kukhala madeti. Masetilaiti amayendera UTC, nthawi ya padziko lonse lapansi, pamene ku Malawi ndi kuno ku South Africa tili patsogolo ndi maola awiri. Komanso woyeza mvula pa sitesheni amawerenga m'mawa, kotero tsiku lake limayamba m'mawa n'kutha m'mawa wotsatira, pamene tsiku la fayilo likhoza kuyamba pakati pa usiku. Mvula yamphamvu ya usiku umodzi, ngati ija ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 imene inagumula phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, ikhoza kugwera pa deti lina m'buku la sitesheni ndi deti lina m'fayilo. Munthu n'kunena kuti setilaiti yanama, chonsecho awiriwo angosiyana poyambira tsiku. M'malamulo a CF muli njira yolembera chiyambi ndi mapeto a nthawi imene nambala iliyonse ikuimira, ndiponso cell_methods yonena ngati nambalayo ndi yowonkhetsa kapena ndi avereji. Kwa ife amene timawerenga mvula m'magawo a masiku khumi, monga mmene a nthambi ya zanyengo kumudzi amatulutsira malipoti awo a zaulimi, mizere iwiriyi ndi yofunika kwambiri, chifukwa gawo lachitatu la mwezi limakhala la masiku 8, 9, 10 kapena 11 malinga ndi mweziwo.

Kuno tili kagulu ka a Malawi ogwira ntchito za mapu ndi za madzi, ndipo nthawi zina Loweruka timakumana n'kudyera limodzi nsima ku Mayfair. Pakati pathu pali bambo wina wachikulire amene anayeza malo kwa zaka zambiri kumudzi asanabwere kudzakhala ndi ana ake kuno. Tsiku lina ndikuyamikira NetCDF anandidula mawu.

"Mwana wanga, zonsezo n'zabwino. Koma fayilo yakoyo ikunena kuti malowo anayezedwa pa maziko ati?"

"WGS 84, bambo."

"Walemba m'katimo, kapena uli nazo m'mutu mwako?"

Anatikumbutsa kuti mapu akale a ku Malawi anajambulidwa pa maziko oyezera malo otchedwa Arc 1950, ndipo malo amodzi omwewo akawerengedwa pa Arc 1950 ndi pa WGS 84, imene GPS imagwiritsa ntchito, amasiyana ndi mamita mazana angapo. Pa deta ya mvula ya makilomita asanu kusiyanako sikuoneka. Pa chithunzi cha Sentinel-2 cha mamita 10, munda wa munthu umasamukira kwa mnzake, mtsinje n'kudutsa pakati pa mudzi. Pa kagawidwe ka mapu kotchedwa UTM, Malawi ili mu zone 36 South, imene nambala yake ndi EPSG:32736, pamene Joni ili mu zone 35. MODIS ili ndi kayalidwe kakekake kotchedwa sinusoidal, ndipo mbali yaikulu ya dziko lathu imapezeka pa chidutswa cha h21v10. Mawu a bambo aja anali oona, ndipo pamenepa m'pamene NetCDF imafuna khama: malo olembapo zimenezi alipo, otchedwa grid_mapping, koma anthu ambiri amawasiya opanda kanthu. Chizindikiro cha mayinasi nachonso si chosewera nacho. Tili kum'mwera kwa equator, choncho latitude yathu ndi ya mayinasi. Mukachiiwala, Lilongwe imakapezeka ku Sudan. Mukasinthanitsa latitude ndi longitude, imakagwera m'nyanja ya Atlantic kufupi ndi Morocco.

Pa nkhani ya malo, GeoTIFF ndiyo imachita bwino. Ndi chithunzi cha TIFF chimene m'kati mwake mwalembedwa pamene chikukhala pa dziko lapansi. Inayamba m'zaka za m'ma 1990 ndipo bungwe loika miyezo ya deta ya mapu la OGC linaivomereza kukhala muyezo mu 2019. Mukaikokera mu pulogalamu ya mapu ya QGIS imakhala pamalo pake popanda kulimbana nayo, ndipo wogwira ntchito ku ofesi ya boma amene sanaphunzirepo chilankhulo cha makompyuta cha Python amaigwiritsa ntchito tsiku lomwelo. Kufooka kwake ndi nthawi. Ilibe njira imodzi yogwirizana yonenera kuti chithunzichi ndi cha tsiku liti kapena manambalawa ali mu units ziti, ndiye deti limakhala pa dzina la fayilo. Wina akangosintha dzinalo n'kulemba "mapu atsopano", deti lapita. Mvula ya tsiku ndi tsiku ya zaka 40 ikasungidwa motere imakhala mafayilo oposa 14,000, pamene mu NetCDF ikhoza kukhala fayilo imodzi kapena imodzi pa chaka.

Pali GeoTIFF ina yosanjidwa mwanzeru yotchedwa COG, ndipo imeneyi ndimaiona ngati mphatso kwa anthu a bandulo yochepa. M'kati mwake chithunzi chimadulidwa m'timagawo, ndipo mumakhalanso timakope tating'ono toonera patali. Pulogalamu imatha kupempha pa intaneti kagawo kokhako kamene kakufunika. Munthu wofuna kuona dambo limodzi la ku Dedza safunika kukopera chithunzi chonse cha makilomita oposa 100 mbali iliyonse. Landsat ya Collection 2 imabwera mu COG. Digital Earth Africa imasunga deta ya Landsat ndi Sentinel ya Africa yonse mu COG pa makompyuta a ku Cape Town, kotero deta ya kwathu ili pafupi ndi kwathu. Ndikakumbukira kuti chisanafike chaka cha 2008 zithunzi za Landsat zinkagulitsidwa, chimodzi ndi ndalama zoti wophunzira wa kwathu sakanazikwanitsa, ndimaona kuti tafika patali. Kumpoto chakumadzulo kwa Joni, ku Hartebeesthoek, kuli madishi akuluakulu a SANSA, bungwe la za mlengalenga la South Africa, amene akhala akulandira deta ya masetilaiti kwa zaka zambiri. Ndikadutsa kumeneko mtima umandiuza kuti deta ilipo yochuluka, chatsala ndi kuifikitsa kwa anthu ili yomveka.

Ndipatuke pang'ono. Amene amakhala kuno amadziwa utsi wa m'nyengo yozizira, kumwamba kukachita chikasu m'mawa. Setilaiti ya Sentinel-5P, yoponyedwa mu 2017, imayeza mpweya woipa wa nitrogen dioxide, ndipo pa mapu ake dera la Highveld ku Mpumalanga, kumene kuli malo ambiri opangira magetsi ndi malasha, limaoneka lofiira kwambiri. Deta imeneyi imabwera mu NetCDF-4, ndipo pambali pa muyezo uliwonse pali qa_value yonena kudalirika kwake. Opanga detayo amalangiza kutenga miyezo yopitirira 0.75 yokha pa ntchito zambiri, chifukwa mitambo imaphimba zimene zili pansi. Mnzanga wina wa m'kagulu kathu, amene mwana wake amavutika ndi chifuwa cha mphumu, anaphunzira kutsegula mafayilo amenewa pofuna kumvetsa mpweya umene banja lake likupuma. Chinamuthandiza n'choti muyezo ndi kudalirika kwake zinali m'fayilo imodzi, moti sakanatenga chimodzi n'kuiwala chinzake.

GRIB sindichedwapo. Ndi mtundu wa bungwe la zanyengo la dziko lonse lapansi, WMO, wopangidwira kutumiza zolosera za nyengo mofulumira. Ndi yopepuka, koma m'malo mwa mayina imasunga manambala a makodi amene tanthauzo lake lili m'matebulo apadera. Ndikailandira ndimaisandutsa NetCDF ndi CDO, pulogalamu yaulere ya ku Max Planck Institute for Meteorology ku Hamburg. Zarr ndi yatsopano ndipo anzanga achinyamata amaikonda. Imagawa deta m'timafayilo tambirimbiri, zimene zimathandiza pa makompyuta akuluakulu a pa intaneti. Koma yesani kukopera timafayilo masauzande pa flash disk magetsi akuzimazima, kamodzi kakatsala m'mbuyo simungadziwe msanga. Kwa munthu wa ku Mzuzu kapena ku Nsanje sindinayambe kuitumiza.

Anthu a Excel sindiwanyoza, chifukwa ndi chida chimene ambiri ali nacho ndipo amachidziwa. Mlangizi wa zaulimi amene akufuna mvula ya dera lake lokha safunika NetCDF, tebulo la CSV, limene limatseguka mu Excel, limukwanira. Chofunika n'choti mutu wa mzati unene zonse, monga mvula_mm_pa_tsiku, deti lilembedwe chaka poyamba, 2023-03-13, ndipo pamalo opanda deta pasiyidwe opanda kanthu. Pamwamba kapena m'kafayilo kotsagana nako palembedwe kumene deta yachokera. Koma tebulo lotero ndi logawira anthu, si losungiramo chuma. CHIRPS imagawa nthaka m'timabokosi ta madigiri 0.05, pafupifupi makilomita asanu ndi theka. Bokosi lalikulu lozungulira Malawi yense limakhala ndi timabokosi pafupifupi 11,000. Chaka chimodzi cha mvula ya tsiku ndi tsiku ndi mizere pafupifupi 4 miliyoni, pamene tsamba la Excel limathera pa mizere 1,048,576. Yotsalayo silowa, ndipo munthu wosatcheru akhoza kuwerengera chaka chodukiza osazindikira.

Ndiye kasankhidwe kanga kali motere. Chilichonse chimene chili ndi nthawi yaitali, mvula, kutentha, chinyezi cha m'nthaka, ndimasunga mu NetCDF-4 yotsatira CF. Mapu a tsiku limodzi opita kwa munthu wa QGIS ndimawapanga COG, deti n'kulilemba pa dzina ndiponso m'kati mwa fayilo. Fayilo imene ndinailandira kuchokera kwa eni ake sindiikhudza. Ndimaisunga mmene inabwerera, ndi dzina lake lalitali lija, chifukwa m'dzinamo mumakhala deti, chidutswa cha dziko ndi nambala ya kakonzedwe. CHIRPS, IMERG ndi MODIS zonse zimakonzedwanso pakapita zaka, ndipo manambala a tsiku limodzi lomwelo amasintha pang'ono kuchoka pa kakonzedwe kakale kupita pa katsopano. Amene sanalembe kuti anagwiritsa ntchito kakonzedwe kati sangathe kubwereza ntchito yake yomwe.

Polemba NetCDF ndimaganizira kaye amene akaiwerenge. NetCDF-4 imalola kufinya deta ndi kuisunga m'timagawo, ndipo kadulidwe ka timagawoto kamasintha liwiro kwambiri. Wofuna mapu a dziko lonse a tsiku limodzi amafuna timagawo totambalala. Wofuna mbiri ya mvula ya mudzi umodzi kuyambira 1981 amafuna timagawo tatitali m'nthawi. Mukadula mosemphana ndi ntchitoyo, laputopu yakale imakhala ikupukusa fayilo yonse pofuna nambala zochepa, batire n'kutha magetsi asanabwere. Mvula imafinyika bwino chifukwa kuyambira Meyi mpaka Okutobala madera ambiri a kwathu amangokhala ziro. Ndimadulanso dera ndisanatumize. Palibe chifukwa choti mwana wa sukulu alipire bandulo ya Africa yonse pamene akufuna maboma atatu a Zomba, Machinga ndi Phalombe.

Ndikamaliza kulemba ndimalamula ncdump -h, imene imaonetsa mutu wa fayilo popanda manambala, n'kuwerenga ngati mlendo amene sakundidziwa. Kenako ndimaitsegula mu Panoply, pulogalamu yaulere ya NASA, kuti ndione ndi maso kuti Karonga ali kumtunda, Nsanje kumunsi, nyanja ili kum'mawa. Mafayilo ena amasanja latitude kuyambira kumpoto, ena kuyambira kum'mwera, ndipo dziko likatembenuzika manambala sadandaula, amangokhala chete ngati zonse zili bwino. Pomaliza ndimadzaza history, mzere wonena zimene ndachita pa detayo, ndi source wonena kumene yachokera. Mizere imeneyi imatenga mphindi zochepa, ndipo ndi imene anthu amaidumpha akatopa.

Panopa nkhawa yanga ili pa HDF4. Mbiri ya MODIS ya zaka zoposa 20 ili m'mtundu umenewu, ndipo m'menemo muli chilala cha 2005, cha 2016 ndi cha El Niño ya 2024 imene inachititsa boma kulengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28. Masetilaiti a Terra ndi Aqua akalamba, ndipo ntchito yawo ikupitirizidwa ndi chipangizo china chotchedwa VIIRS chimene deta yake imabwera mu HDF5. Mapulogalamu ena atsopano satsegulanso HDF4 pokhapokha GDAL, chida chimene amadalira powerenga mafayilo a mapu, chitamangidwa ndi mbali yowerengera mtunduwu, ndipo ndaona ophunzira akugonja pa khomo pomwepo, fayilo ili m'manja koma yosatseguka. Madzulo ndikaweruka ndayamba kusandutsa zidutswa za MOD13Q1 zokhudza Malawi kukhala NetCDF-4, chaka chilichonse fayilo yake, pamodzi ndi mizere yonena kudalirika kwa muyezo uliwonse. Zoyambirira za HDF4 ndikuzisunga pa hard drive ina. Ndikamaliza, kope imodzi ipita kwa aphunzitsi a ku Zomba ndipo ina kwa mnzanga wophunzitsa za ulimi ku Lilongwe, kuti ophunzira awo azikopera pa ofesi popanda kugula bandulo.